Maboti Awiri a kwa Che Jaffalie

Limbe,
12 Seputembala, 1993

Okondedwa achemwali anga a Mwanamvua,

Assalamu alaikum. Ndisanayambe zanga, ndifune kumva za moyo wanu kumeneko. Kodi mawondo a amayi akutani, akutha kufika okha kudooko kapena akungokhala pakhonde? Nanga malungo a mwana wanu Nasra aja anatheratu? Ine kuno ndili moyo, Alhamdulillah, kupatula kachifuwa ka fumbi la ufa kamene sikandisiya, ndi mutu umene ukuzungulira pa nkhani imene ndikulemberani leroyi.

Ndikudziwa kuti mawu awa simukuwaona ndi maso anu, mukuwamva m'kamwa mwa alamu anga a Avelino, poti ndiwo amakuwerengerani makalata. Alamu, moni wanu ali momwemo. Koma lero muwerenge zonse monga zalembedwera, osadumpha, osawonjezera. Ndinamva kuti kalata ya mu Julayi ija munaiwerenga kuti Atumani walamula kuti alamu ake aziphikiridwa nkhuku Lachisanu lililonse. Ine sindinalembe zimenezo, ndipo nkhuku za amayi zikatha mlandu ndi wanu. Kalata iyi ili ndi malo owawa. Mukafikapo musayambe kutsokomola kapena kunena kuti inki yafufutika. Pitirizani basi.

Za kuno ndi izi. Nyumba yosungira katundu imene ndimagwirako ntchito, imene chaka chatha matumba a ufa ndi nandolo ankafika kudenga, tsopano ukayankhula mawu amabwerera. Malole amene ankatumiza chakudya kumisasa ya othawa nkhondo tsopano akunyamula anthuwo, ndi mphasa zawo ndi mapoto awo, kukawatula kumalire. Abwana atiuza kuti ife makalaliki ntchito yathu itha kumapeto kwa Disembala. Ndikuthokoza Mulungu kuti nkhondo ya ku Mozambiki yatha, koma ndisaname, mtendere wa anzathuwo ndi umene watichotsa ntchito, ndiye munthu sudziwa kuti nkhope uikonze bwanji.

Chichitikire referendamu ya mu Juni, m'basi za kuno aliyense wasanduka wandale, mpaka kondakitala amaiwala kupereka tikiti. Denga la nyumba yanga ya lendi ku Kachere lili ndi mabowo oti masana dzuwa limandilembera madontho pamkeka, ndipo mwini nyumba akuti tidikire mvula itiuze kuti mabowo enieni ndi ati. Zimenezo n'zazing'ono.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mukukumbukira kuti pa Idi ya nsembe nditabwera kumudzi ndinaona bwato losema la malemu bambo likulowa madzi, alamu akupalasa pang'ono, kukapa pang'ono, ngati munthu wogwira maganyu awiri nthawi imodzi. Ndinalonjeza pamaso pa amayi kuti ntchito yanga isanathe ndidzapangitsa boti la matabwa, loti alamu aziwedzera ndiponso banja lonse liziyendera. Amayi analulutira. Lonjezo limenelo likadalipo, musade nkhawa ndi mbali imeneyo.

Mukudziwanso, kapena ndikuganiza kuti mukudziwa, zimene alamu anandipempha tsiku lomwelo kuseri kwa khola la mbuzi. Anati wamalonda wina wodutsa pa Chiponde wabweretsa uthenga woti mayi awo, a Celestina, amene tonse tinkayesa kuti anafera m'nkhondo, ali moyo kwawo ku Meponda, koma maso akuchita khungu. Anati akufuna kubwerera kwawo, ndipo akupempha chitengwa, kuti atenge inu ndi ana. Njira ya pamtunda anati sakuikhulupirira chifukwa cha mabomba okwiriridwa, koma panyanja, kutsata gombe kupyola kwa Makanjira, ndi ulendo wa masiku ochepa mwera ukaleka. Poti amjomba, alongo awo a amayi, anatisiya, mwini mbumba ndine, ngakhale ndine wamng'ono kwa inu, ndipo mawu ovomera kapena okana ayenera kutuluka m'kamwa mwanga. Ndinayankha kuti tidzaona. Papita miyezi itatu, sindinaonebe.

Choyamba choti ndiulule ndi ichi. Loweruka la masabata atatu apitawo ndinali ku Mangochi. Inde, ndinatsika basi pa boma, ndinauona mlatho, ndinawamva oitanira matola akukuwa Malindi, Lungwena, Malindi, Lungwena, koma sindinawoloke. Ndinaonanso mayi ake a Zakia aja a kumudzi kwathu, ogulitsa nsomba zowamba, ndipo ine, munthu wa ndevu zanga, ndinabisala kuseri kwa lole mpaka atadutsa. Ngati anandiona n'kudzakuuzani, sananame. Astaghfirullah.

Ndinalunjika kwa Mponda, kwa mmisiri wa maboti dzina lake Che Jaffalie, amene anzanga anandiuza kuti ndiye katswiri kumunsi konse kwa nyanja. Ndi bambo wamfupi, waimvi, pensulo amaisomeka m'kofiya, ndipo Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chiyao ngati cha malemu amjomba. Amagwirira ntchito pansi pa mitengo ya mango m'mbali mwa Shire. Ndinapeza maboti awiri omaliza kale, odikira eni ake, ali pamchenga moyandikana. Anati mitundu imene iwo amapanga ndi iwiri yomweyo, ndiyang'ane, ndisankhe, andipangire langa.

Loyamba ndi lalikulu mimba, pansi pake pophwatalala ngati thebulo. Munthu atha kuimirira m'mbali mwake osapendekeka. Limafika mpaka pamchenga penipeni, moti amayi angangokweza mwendo pang'ono n'kulowa osanyowetsa chitenje. Limanyamula anthu khumi, matumba a chimanga, nkhuni, mbuzi, ngakhale jeneza tsiku la maliro. Che Jaffalie anati ndi boti la pa Shire, la ku Malombe ndi la kwathu kumene nyanja ndi yosaya, lotchera maukonde a chambo ndi lowedzera m'mbali mwa bango. Koma likakumana ndi mafunde akulu limamenya madzi ndi chifuwa, pha pha pha, ngati mayi akuchapa pamwala, ndipo ukaliumiriza misomali imayamba kumasuka.

Lachiwiri ndi lowonda, lakuthwa kumphuno, ndipo lili ndi msana pansi pake, mtengo umodzi wa mlombwa woyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Lilinso ndi pobaya mlongoti wa thanga. Pamtunda silioneka bwino, limagona chammbali ngati ng'ombe yodwala. Silifika pamchenga, moti wokwera ayenera kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndipo ukapondamo limagwedera kaye ngati likukufunsa kuti ndiwe yani. Anthu asanu ndi mmodzi ladzaza. Koma pamadzi akuya funde sililimenya, limaling'amba n'kudutsa. Ndi boti la munthu wa mbedza, wofuna kampango ndi mcheni kutali kumene gombe limaoneka ngati ulusi. Nditaliona ndinakumbukira alamu akudandaula kuti kuwedza kwathu kuno kuli ngati kuwedza m'mtsuko.

Ndinawazungulira onse awiri katatu. Ndinagogoda matabwa ngati ndikudziwa chimene ndikumvera. Kenako ndinafunsa, ngati munthu wongocheza, kuti kodi lililonse lingafike kutali bwanji. Che Jaffalie anati lamsanalo ena apita nalo mpaka ku Metangula n'kubwerako, koma lophwatalalalo ukalipyoletsa kwa Makanjira, kumene nyanja imatseguka, ndiye kuti watopa nalo ndiponso watopa ndi moyo. Achemwali, nditamva zimenezo mtima wanga unangoti myaa. Pomwepo ndinati ndasankha lophwatalala.

Tsono bambo amenewa ali ndi kachitidwe kawo. Boti saliyamba ndi sowo. Amatenga thabwa loyamba la botilo, n'kuligoneka pamiyala iwiri, ndipo mwini boti amaikapo dzanja lamanja, n'kunena Bismillah, kenako n'kutchula mokweza niya yake, kuti botilo akulifunira chiyani. Akuti anaphunzira choncho kwa amene anawaphunzitsa umisiri, ndipo akuti boti limene mwini wake anabisa niya silimva thonje ndi phula, umata lero mawa ladontha. Ine ndinaseka chamumtima, ndinati izi ndi za akuluakulu. Ndinavula wotchi, ndinaika dzanja, ndinanena Bismillah bwinobwino. Pa niya ndinati ndikufuna boti lotengera mayi anga okalamba kuchipatala ku Malindi.

Che Jaffalie anafunsa kuti kwathu n'kuti. Nditati ku Lungwena anaseka mpaka kukhala pansi pa utuchi. Anati kuchokera ku Lungwena kukafika ku Malindi ngakhale beseni lochapira lingafike nyanja itagona, ndiye ndisawanamizire amayi, maboti onse awiri angathe zimenezo. Anafunsa kuti wopalasa adzakhala ndani, poti manja anga akuwaona kuti ndi a cholembera. Ndinati alamu anga. Anafunsa kuti alamuwo amapha nsomba ndi chiyani. Ndinati ndi mbedza. Anafunsa kuti kwawo n'kuti. Ndinati ku Meponda.

Anasiya kuseka. Anadzuka, n'kuchotsa dzanja langa pathabwapo pang'onopang'ono, monga mmene inu munkachotsera dzanja langa m'mbale ya alendo ndili mwana. Anati zaka makumi atatu anthu akhala akubwera kudzawauza kumene boti lawo lizipita, koma ine bambo kalaliki ndine woyamba kubwera ndi kumene lisamapite. Anati iwo amapanga maboti, ndipo ngati ndikufuna chomangira mkamwini ndipite pamsika, zingwe za khonje zilipo zambiri, zina zamitundumitundu.

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ine ndinafika Fomu 4, sindinabwere kudzafunsidwa mafunso ngati ndili pabwalo la milandu, ndipo amisiri ena alipo. Anati alipodi, ndipite, adzandipangira ngakhale boti lopanda pansi ndikafuna. Anatinso mlombwa sunapite kusukulu koma bodza umalimva. Kenako, ngati palibe chachitika, anandithirira tiyi ndi kundipatsa chinangwa chophika. Potsanzikana anati ndikadziwa niya yanga ndibwerere, koma Seputembala asanathe, chifukwa boti limatenga masabata asanu ndi limodzi, ndipo ngati pali ulendo wautali uyenera kuchitika mwera utaleka, mpoto ndi mvula zisanayambe. Ine sindinatchule za ulendo uliwonse. Anatchula okha.

N'chifukwa chake sindinawoloke mlatho. Ndinadziwa kuti amayi akandifunsa za boti, ndipo alamu sadzafunsa kanthu, adzangondiyang'ana. Ndinaswali Asiri, swala ya chakumadzulo, mu mzikiti wa pa boma, n'kukwera basi yomaliza yobwerera ku Limbe ngati wakuba, thumba la shuga limene ndinagulira amayi lili pamiyendo. Shugayo ndikumwera tiyi kuno ndipo sakukoma.

Chibwerereni mutu wanga sukugwira. Ndinagula kope, n'kulemba mzere pakati monga ankatiphunzitsira kusukulu, uku lophwatalala, uku lamsana, ubwino wake ndi kuipa kwake. Ndadzaza masamba anayi. Mbali imodzi ikayamba kupambana ndimapezeka ndawonjezera kena ku mbali inayo. Ndinalemba kuti lophwatalala ndi labwino kwa amayi, kenako ndinakumbukira kuti amayi chimwalirire bambo sanakwerepo bwato. Ndinalemba kuti lamsana lizibweretsa kampango wambiri, kenako ndinati nanga chimanga cha kumunda wa kutsidya kwa dambo chizibwera bwanji. Ndinalemba kuti chambo cha m'mbali chikuchepa chaka ndi chaka, n'kufufuta, n'kulembanso. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndagwa kale, ndikungoyang'ana kumwamba.

Ndinalakwitsa kufunsa anzanga a kuntchito. Dalaivala wathu, wa ku Nkhata Bay, anati boti lophwatalala ndi bokosi la maliro limene aiwala chivundikiro. Mlonda wathu, wa ku Nsanje, anati boti lamsana ndi la anthu odzionetsera, iye wakulira pa Shire ndipo sanaonepo ng'ona ikufunsa za msana. Dalaivala anati Shire si madzi, ndi ngalande. Mlonda anati Atonga amavala tayi popita kukakoka usipa. Lero ndi sabata yachiwiri sakupatsana moni chifukwa cha boti langa limene kulibe. Pa referendamu zinali zosavuta, nyali kapena tambala, ndinalowa n'kutuluka.

Ndinaswali istikhara masiku asanu ndi awiri, kupempha Mulungu kuti andisankhire. Tsiku lina ndimadzuka mtima uli pa ili, mawa lake uli pa linalo. Ndinayamba kuopa kuti mwina swala yanga siikukwera. Itatha swala ya Ijumaa ndinakhala pansi ndi ashehe athu a kuno, ndipo ndinawafotokozera zonse za matabwa, kutalika, kufupika, thanga, mafunde. Za chitengwa sindinanene. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa ngati pa maboti awiriwo pali la haramu. Ndinati palibe. Anati ndiye munthu sangaonde chonchi chifukwa cha matabwa, ndinene chimene ndasiya. Nditanena, anati istikhara ndi ya munthu amene sakudziwa chabwino n'chiti, koma amene akuchidziwa n'kumachiopa, mankhwala ake ndi tawuba, kulapa. Kenako anafunsa kuti nanga achemwali anuwo akuti chiyani.

Ndafunsa mmisiri, ndafunsa dalaivala, ndafunsa mlonda, ndafunsa kope, ndafunsa ashehe, mpaka ndafunsa Mulungu kasanu ndi kawiri. Inu nokha, amene mudzakhale m'botimo ndi ana pamiyendo, sindinakufunseni. Pa Idi paja tinakhala limodzi masiku atatu, munandisenzera madzi osamba, munandiwambira chambo cha panjira, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Zifukwa zimene ndimadziuza zilipo, ndipo si zonse zabodza. Ndimaopa mabomba a m'minda ya kumeneko, poti mwana wanu Omari ndi wosakhazikika, amathamangira chilichonse chonyezimira. Ndimaopa kuti mfuti zimene zagonazi zingadzuke. Ndimaopa nyanja yeniyeniyo, imene ife a kumunsi timangoimva. Ndimadziuzanso kuti abale a alamu ndi Akhristu, ana adzasiya madrasa, ndipo tsiku la Kiyama, lachiweruzo, ndidzafunsidwa ine. Koma apa pokha ndichite manyazi, chifukwa chilowereni Chisilamu alamu amafika ku mzikiti ine ndisanapeze nsapato, ndipo Fatiha, sura yoyamba ya Kurani, Nasra anamuphunzitsa ndi iwo, osati amjomba ake a Fomu 4.

Pansi pa zonsezo pali china, ndipo ndi chimene dzanja langa linabisa pathabwa paja. Bambo wina amene timaswali limodzi kuno ali ndi sitolo ya zitsulo ku Lilongwe. Mu Meyi anandiuza kuti ntchito ya kuno ikatha ndikayambe ukalaliki kwa iwo mu Januwale, nyumba ya magetsi ilipo kuseri kwa sitolo. Sindinauze munthu aliyense kumudzi. Tsono inu mukapita ku Meponda, amayi atsala ndi yani? Mwana wamkazi wina palibe. Wotunga madzi, wowaperekeza kuchipatala, wokhala nawo pakhonde, ndiye kuti ndine. Ndinkafuna inu mukhale kuti ine ndipite. Ndipo poti kukana ndi pakamwa ndinalibe nako mphamvu, ndinafuna kuti boti likane m'malo mwanga, anthu aziti Atumani ndi mwana wabwino, anagulira amayi ake boti lalikulu.

Zimenezi zandivuta kulemba, chifukwa ndikudziwa amene anandipititsa kusukulu. Inu munasiyira Sitandade 2 kuti muziyanika usipa. Munkadzuka kukasenza dengu kupita nalo kumsewu, mutu wanu mpaka unathothoka tsitsi pakati, kuti ine ndivale yunifolomu ku Mangochi. Sukulu imeneyo ndi imene lero ndaigwiritsa ntchito kukuikirani mpanda mochenjera, woti ngakhale inu muziuthokoza.

Alamu, apa ndikuyankhula ndi inu, ngakhale mukudziwerengera nokha. Munafika padooko pathu chaka cha 1987 m'kabwato kobooka, mulibe ngakhale malaya osinthira, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene anati munthu ameneyu sitikumudziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mkamwini wosadandaula. Nyumba ya amayi munafolera ndinu. Bambo atamwalira ine ndinafika mochedwa kuchokera kuno, ndinapeza manda mwakumba kale inu, matuza ali m'manja. Ine mayi anga ndimawaona pa Idi iliyonse koma ndimadziyesa wosauka. Inu anu mwakhala mukuwalira ali moyo, ndipo tsopano maso awo akutsekeka asanaone zidzukulu. Ndinakuyankhani kuti tidzaona ngati mukupempha njinga. Mundikhululukire.

Komabe musaganize kuti tsopano zonse zandiyera. Mpaka lero sindikudziwa boti labwino ndi liti. Lophwatalala ndi labwinodi pa ntchito za pamudzi, zimenezo si bodza ngakhale ndinazinena ndi mtima wabodza. Ndiye pali chinanso chimene chikundisowetsa mtendere. Mwina inu achemwali simukufuna kupita. Mwina mukuopa dziko la eni, chilankhulo cha Chipwitikizi, kusiya amayi, kusiya manda a bambo, koma simungawauze amuna anu amene mukuwaona akuwonda ndi chisoni. Mwina tidzaona wanga uja ndi amene mwakhala mukubisalamo, ndipo ndikamuchotsa ndakuvulani. Kapena mwina mukufunitsitsa kupita ndipo mwakhala mukunditukwana chamumtima miyezi itatu. Sindikudziwa. Mukandiyankha pa kalata, cholembera chidzakhala m'manja mwa alamu, ndipo ngakhale iwo ndi munthu woona, inu simudzatha kunena zonse iwo akulemba.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Ndalembera Che Jaffalie kuti mwini boti si ine, ndinu, poti chimene mlongo wagulira mbumba ndi cha mbumba. Lachisanu la pa 24 lisanafike, mupite kwa Mponda. Alamu akuperekezeni mpaka pa boma, koma atsale pa tiyirumu ya pafupi ndi mlatho, amwe tiyi ngakhale makapu asanu. Inu mupite nokha pansi pa mango paja. Mukayang'ane maboti onse awiri, mulowemo, mukhale pansi, mufunse chilichonse. Bambowo ndi olongolola koma sanyenga. Kenako muike dzanja lanu pathabwa la boti limene mtima wanu wafuna, munene niya yanu m'Chiyao kapena m'Chichewa, iwo ndi Mulungu amve. Ine sindidzawafunsa kuti munati chiyani. Ndidzangoona boti.

Achemwali akasankha lophwatalala, alamu, mkwiyo wanu ubwere kwa ine, osati kwa iwo, ndipo tidzakhala pansi tipeze njira yoti inu mukaone mayi anu. Achemwali, mukasankha lamsana, kaya n'kupita konse, kaya n'kukaona n'kubwerera, kaya n'kukawatenga a Celestina kudzakhala nafe, imeneyo ndi nkhani ya inu awiri. Mawu a mwini mbumba ndi awa, ndipo alamu muwerenge pang'onopang'ono, kawiri: chitengwa ndavomera, ngati mwini wake Mwanamvua akufuna. Ndidzabwerezanso pamaso pa ankhoswe ndikabwera.

Kuti dzanja lanu lisalemedwe ndi amayi, dzana Lachisanu titatuluka mu mzikiti ndinawauza bambo a sitolo aja kuti apeze kalaliki wina. Anadabwa, anafunsa ngati ndapeza pena pabwino. Ndinati ndapeza ku Lungwena. Anafunsa kuti ndi kampani yanji imeneyo, ndipo ndinalephera kuseka. Malowo apatsa kale mphwawo wa akazi awo, ndiye ngakhale mtima wanga utatembenuka mawa, kobwerera kulibe. Kumapeto kwa Disembala ndikubwera kudzakhala, kaya inu mulipo kaya mwapita. Khasu ndinaliiwala, nkhafi sindinaidziwepo bwino, ndipo sindikudziwa kuti munthu wa Fomu 4 amadya chiyani ku Lungwena. Ndikuchita mantha, achemwali. Koma ndi mantha anga, musawasenze.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti boti likubwera ndipo mwana wawo akubwera, koma zoti ndinafika pa boma osawoloka musawawerengere, ndidzanena ndekha nditagwada. Moni kwa azakhali a kwa Chapola ndi ana awo onse, kwa akazi a malemu amjomba, kwa ashehe a pamudzi, ndi kwa mayi ake a Zakia, amene ndiwapepesa padera. Nasra apitirize madrasa. Omari mumuuze kuti amjomba ake akuti chilichonse chachitsulo chimene wachipeza pansi asatole, ayambe kuzolowera panopa.

Chomaliza, poti ndayamba kuulula ndimalize. Ndikamaliza swala n'kukweza manja, lilime langa limapezekabe likupempha kuti mukagwire thabwa la lophwatalala. Ndayesa kuliletsa, silikumva. Inu musalimvere. Mulungu amadziwa pemphero loyenera kuyankha ndi loyenera kungolimvera chisoni.

Wassalamu alaikum.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Atumani